Imelo yaulere? Ayi abale, tikulipira ndithu

Ndiyambe ndi nkhani yabwino ya kwathu. Mng'ono wanga wachira Loweruka lapitali ku Ulongue, watipatsa mphatso ya mwana wamkazi. Mayi ndi mwana ali bwino, ndipo agogo ake sakukhala pansi ndi chimwemwe. Achimwene athu amene ali ku Johannesburg aona kale zithunzi, poti usiku womwewo ndinawatumizira pa imelo pamodzi ndi kalata yaitali yonena za mbatatesi za chaka chino, za denga la amayi limene layamba kudontha, ndi za dzina la mwana limene azakhali akulimbirana mpaka lero.

Nkhani yachiwiri ndi yowawa, ndipo ndi imene yandikhazika pansi kuti ndilembe. Mlongo wathu wamng'ono, chitsirizira m'banja mwathu, anamaliza kalasi ya 12 chaka chatha ndipo akufunafuna ntchito. Nayenso ndinamutumizira zithunzi zija. Atatsegula imelo yake, pamwamba pa kalata yanga panali chinthu china chooneka ngati kalata, chonena kuti kampani ina ikufuna achinyamata ogwira ntchito mosungira katundu. Anadina. Anamupempha chithunzi cha BI, nambala ya foni, kenako mametikali 1,500 olembetsera dzina. Amayi anali atangogulitsa nyemba, anamupatsa ndi mtima wonse. Anatumiza ndalamazo pa foni. Kuyambira tsiku limenelo nambala ija sikulira.

Nditatenga foni yake kuti ndione, ndinapeza kamawu kotuwa pakona, kakang'ono ngati nthata: “Patrocinado”. Mnyamatayu Chipwitikizi amachidziwa, mayeso anakhoza. Koma palibe amene anamuuzapo kuti kamawu kameneka kakutanthauza kuti munthu wina walipira ndalama kuti chinthucho chikhale pamenepo. Iye ankaganiza kuti ndi kalata yake, yolembedwa kwa iye, monga inalili yanga.

Nditafotokoza nkhaniyi pa nthawi yopuma kusukulu, mnzanga wina anaseka n'kunena kuti, “Aphunzitsi, inu mukudandaula chiyani? Chinthu anakupatsani chaulere. Wopatsidwa sasankha.” Ine ndikukana, ndipo ndikana mpaka mawa. Imelo si yaulere. Tikulipira, kungoti malipiro ake sitimawaona akutuluka m'thumba.

Taganizani. Hotmail inayamba mu 1996, ndipo chakumapeto kwa 1997 Microsoft inaigula ndi ndalama zankhaninkhani. Ndani amagula chinthu chimene sichibweretsa phindu? Gmail inayamba pa 1 Epulo 2004 ikupereka malo okwana 1 GB, ochuluka kwambiri pa nthawiyo moti ena ankayesa nthabwala ya tsiku la anthu opusa. Lero amapereka 15 GB. Makompyuta osungira makalata onsewo amadya magetsi usana ndi usiku, ndipo akatswiri owasamalira salipidwa nyemba. Ndalama zake zimachokera kuti? Kampani ya Alphabet, mwini wake wa Google, imapeza pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a ndalama zake kuchokera kwa otsatsa malonda. Meta, mwini wake wa Facebook, pafupifupi ndalama zake zonse zimachokera komweko. Amene amalipira ndiye kasitomala. Ndiye ife amene sitilipira ndalama, ndife chiyani pamsika umenewu? Ndife katundu woyalidwa pa benchi. Chimene chikugulitsidwa ndi maso athu ndi nthawi yathu.

Zimayenda chonchi. Wotsatsa malonda amauza kampani kuti akufuna anthu otani: achinyamata, a dziko lakuti, amene akhala akufufuza za ntchito kapena za ngongole. Mukangotsegula tsamba, makompyuta amachita okushoni pakati pa otsatsawo pa kanthawi kosakwana sekondi imodzi, ndipo wopambana ndi amene amaonekera pamaso panu. Ambiri amalipira nthawi iliyonse imene munthu wadina. Ndiye kuti chala cha mlongo wanga chinabweretsera wina ndalama asanatumize n'komwe za amayi zija.

Ndisanamizire munthu. Google inalengeza mu 2017 kuti yasiya kugwiritsa ntchito mawu a m'makalata a Gmail posankha malonda oti muone, zimene inkachita kuyambira pachiyambi. Chabwino. Koma akaunti yomweyo ndi imene mumafufuzira zinthu pa intaneti, kuonera makanema pa YouTube ndi kutsitsira mapulogalamu. Munthu amene akudziwa kumene mumapita, zimene mumafunsa ndi zimene mumaonera usiku, safunikira kutsegula kalata yanu kuti akudziweni.

Malipiro achiwiri ndi ma megas. Ife kuno sitili ngati anthu amene intaneti yawo imangoyenda mwezi wonse ngati madzi a pampopi. Timagula ma megas a tsiku limodzi ndi ndalama imene ikanagula sopo kapena makope. Chithunzi chilichonse cha malonda, kanema aliyense amene amadziyambira yekha musanamupemphe, amadya ma megas anu. Wotsatsa walipira kampani kuti akuonetseni, inunso mwalipira kuti muone. Kodi chaulere chili pati pamenepa?

Malipiro achitatu ndi oti nyumba si yanu. Ndinu mlendi, ndipo malamulo amasintha mwini nyumba akafuna. Kuyambira mu Disembala 2023, Google ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito, pamodzi ndi makalata ndi zithunzi zake zonse. Yahoo inavomereza mu 2017 kuti akuba a pa intaneti anafika pa maakaunti ake onse okwana 3 biliyoni mu 2013. Anthu anakhala zaka osadziwa. Ndiye wina n'kumati zithunzi za ukwati wake, satifiketi yake ndi makalata a malemu bambo ake zili pabwino chifukwa “zili mu imelo”. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Vuto lina ndi lathu lomwe, ndipo pamenepa sindiloza chala kunja. Angati mwa ife anatsegula okha imelo yawo? Ambiri tinapita pa banka ya mafoni kumsika, mnyamata wa pamenepo n'kutitsegulira kuti foni iyambe kutsitsa WhatsApp. Senha, mawu achinsinsi otsegulira aja, anasankha ndi iye, ndipo amaidziwa ndi iye. Mwini foni saidziwa. Foni ikatayika, zonse zapita. Mungapatse munthu wa pamsika kiyi wa kuchipinda kwanu kuti akusungireni?

Ndikudziwa zimene ena ayankhe. Anena kuti popanda malonda imelo ikanakhala yolipira, ndipo osaukafe sitikanaikwanitsa. N'zoona, ndipo ine sindikunena kuti titaye imelo. Popanda iyo achimwene sakanaona nkhope ya mdzukulu wa amayi usiku womwewo, ndipo masiku ano malo ambiri a ntchito ndi a maphunziro amafunsa imelo. Wailesi nayonso ili ndi malonda. Koma pa wailesi mawu amasintha, kanyimbo kamalira, ngakhale agogo amadziwa kuti nkhani zatha, tsopano akugulitsa sopo. Chimene ndikukana ndi malonda ovala malaya a kalata, okhala pa mzere umodzi ndi uthenga wa mchemwali wako, chizindikiro chake chili kamawu kotuwa m'chilankhulo chimene amayi anga sawerenga. Amene amalandira ndalama kwa wotsatsa ali ndi udindo woona amene akumulowetsa m'nyumba. Sangatenge ndalamazo kenako n'kunena kuti wopusa ndi amene anadina.

Enanso anena kuti mnyamatayo akanachenjera. Kuchenjera amaphunzira, abale. Ife aphunzitsi timaphunzitsa ana kulemba kalata, keyala pamwamba, moni, thunthu, dzina pansi. Koma ndi angati amene tinaonetsapo mwana kusiyana kwa kalata ndi malonda pa foni? Nanenso sindinachitepo, ngakhale kwa mlongo wanga weniweni. Mlandu umenewu ndausenza.

Choncho ndikupemphani zinthu zochepa. Lero lomwe sinthani senha yanu, muilembe m'kope limene mumasunga kunyumba. Mukaona “Patrocinado”, “Anúncio” kapena “Sponsored”, dziwani kuti si m'bale wanu amene walemba, ndipo muuze amayi, amalume ndi ana m'chilankhulo chimene akumva. Ntchito yoyamba ndi kukupemphani ndalama si ntchito. Chithunzi cha BI musatumize kwa munthu amene simukudziwa kumene ofesi yake ili. Zithunzi ndi mapepala ofunika musindikize kapena musunge malo awiri. Ndipo mu akaunti yanu muli malo ozimitsira malonda otsatira zochita zanu. Pemphani wodziwa akuonetseni, foni ili m'manja mwanu.

Ndalama za amayi tagwirizana ndi achimwene kuti tibweza pang'onopang'ono, chifukwa denga silidikira mvula. Mlongo wathu akuchita manyazi, koma wandilola kulemba izi kuti wina asagwe m'mbuna yomweyo. Zithunzi zitatu za mwana ndakasindikiza dzulo, zili kale pakhoma kwa agogo ake. Dzina tidzakuuzani azakhali akamvana.

Nanga inu, senha ya imelo yanu mukuidziwa, kapena ili ndi mnyamata wa pa banka?