Mzukwa wa mu 1922 auukitsa, nanga nkhani zathu tazikwirira kuti?

Pa Ciweru capitaci mwana wa mlongo wanga anatulukira kunyumba kwathu ku Chongwe atanyamula kacimbale ka filimu. Mnyamatayu amaphunzira mu Lusaka, ndipo akakonda cinthu safuna kucikonda yekha. Asanakhale n'komwe pansi anati, "Amalume, lelo muzatamba filimu yamene inapangiwa ambuya banu bakalibe kubadwa."

Ndinaseka. Ine ndinakulira m'tinyumba ta vidiyo tija ta mu komboni, mmene tinali kulipira kandalama pakhomo n'kukhala pa benchi kupenyerera Bruce Lee ndi Rambo, pambuyo pake mafilimu a ku Nigeria a mfiti zouluka. Ndiye filimu yopanda mawu, ya zaka zoposa 100, ingandiopse ciani? Mwamwayi magetsi anatikomera mtima usiku umenewo, tinaitamba yonse mpaka kumapeto, ola limodzi ndi theka. Itatha ndinapita kukakhoma geti, ndipo ndivomere pano kuti ndinatenga tochi ngakhale kunali mwezi.

Dzina la filimuyi ndi Nosferatu. Inapangidwa ku Germany ndi F. W. Murnau, ndipo inaonetsedwa koyamba mumzinda wa Berlin mu Marichi 1922. Nkhani yake ndi ya mnyamata wina, Hutter, amene bwana wake Knock, wogulitsa nyumba, amutuma kumapiri a ku Transylvania kukakambirana malonda ndi munthu wolemera wochedwa Count Orlok. Orlokyo ndi mzukwa woyamwa magazi. Max Schreck ndiye anasewera mbali imeneyi: mutu wadazi, makutu osongoka, mano awiri akutsogolo ngati a khoswe, zala zitalizitali. Mzukwawo ukwera sitima ya pamadzi pamodzi ndi mabokosi a maliro odzaza dothi ndi makoswe, ufika m'tauni ya Wisborg, ndipo mliri uyamba kupulula anthu. Mkazi wa Hutter, Ellen, ndiye apereka moyo wake pocedwetsa mzukwawo mpaka tambala kulira, dzuwa n'kuupsereza.

Zimene anandiuza mphwangayu pambuyo pake ndizo zinandidabwitsa kuposa mzukwawo. Filimuyi sinayenere kukhalapo lero. Kampani imene inaipanga, Prana Film, inatenga nthano ya m'buku la Dracula limene Bram Stoker anatulutsa mu 1897, n'kungosintha maina popanda kupempha cilolezo. Mkazi wamasiye wa wolembayo, Florence Stoker, anakasuma, ndipo mu 1925 khoti la ku Germany linalamula kuti makope onse awonongedwe. Koma makope ena anali atadumpha kale malire kupita kumaiko ena, ndipo anthu anawasunga.

Kusunga filimu ya nthawi imeneyo sinali nchito yamasewera. Tepi yake inali kugwira moto msanga ngati udzu wa mu Okutobala, ndipo ikakhalitsa inali kuwola. Makope amene anapulumuka anali odukaduka, okandikakandika, ndipo ambiri anali atataya mitundu yake. Apa mpofunika kufotokoza pang'ono. Makamera a mu 1921 sanali kutha kujambula bwino mumdima, conco zocitika za usiku anali kuzijambula masana, kenaka n'kuviika tepiyo mu utoto wobiriwira ngati thambo kuti wopenyerera adziwe kuti uno ndi usiku. Utotowo utasowa, anthu anakhala zaka zambiri akuona mzukwa woopa dzuwa ukuyenda dzuwa lili pamutu, utanyamula bokosi lake kukhwapa. Nkhani yonse inali kusokonekera pamenepo.

Mu 2005 ndi 2006 katswiri wina wa ku Spain, Luciano Berriatúa, anatsogolera nchito yoikonzanso m'malo mwa bungwe la Friedrich-Wilhelm-Murnau-Stiftung limene limasunga mafilimu akale a ku Germany. Anasonkhanitsa zidutswa zocokera m'nyumba zosungiramo mafilimu za ku France ndi ku Germany, anaziyeretsa cithunzi ndi cithunzi, anabwezeramo mitundu ya usiku, ya masana ndi ya mbandakuca, ndipo anaikamonso nyimbo za Hans Erdmann zimene zinaimbidwa pa tsiku loyamba lija. Nchito imeneyi ndiyo inatuluka pa DVD mu 2007 ndi pa Blu-ray mu 2013, ndipo ndi cimbale cimene cinafika m'nyumba mwanga ku Chongwe. Mu 1979 Werner Herzog anapanga Nosferatu yake, ndipo mu 2024 Robert Eggers anapanganso ina. Onsewa akanatengera poti cikhala kuti lamulo la khoti lija linatheka?

Manje mwina wina mu basi muno akuti, "Ba column, mitengo ya unga ili so, imwe mutiuza za mzukwa wa azungu?" Funso labwino. Ndiloleni ndikuuzeni za mbali imodzi ya filimuyi imene inandisowetsa tulo, ndipo si ya mano aja ayi.

Mliri utafika povuta m'tauni ya Wisborg, mabokosi a maliro ali ndondondo mumsewu, anthu ayamba kunong'onezana kufuna woyambitsa. Sadziwa za Orlok. Amene amuona ndi Knock, nkhalamba yozungulira mutu imene yathawa m'cipinda mmene anaitsekera. Khamu lonse limuthamangitsa ndi miyala m'tinjira ta m'tauni mpaka kuminda. Atamuphonya, aona cidole coopsezera mbalame cili cilili m'munda, acigwira n'kucikhadzulakhadzula ndi ukali wonse. Pamene akucita zimenezi mwini mliri ali phee pawindo, palibe womukhudza.

Nditaona pamenepo ndinaleka kuseka, cifukwa khamu limenelo ndimalidziwa. Ndinakhalapo nalo mu basi imodzi.

Nkhani ya oyamwa magazi si yacilendo kuno kwathu. M'masiku a Northern Rhodesia, kuyambira ca m'ma 1930, kunabuka mbiri ya banyama, anthu amene amati amagwira anzawo usiku kuti awacotse magazi. Mbiriyo inagwera oyang'anira nyama zakuchire, olimbana ndi kashembe, a zacipatala, ngakhale ansembe. Katswiri wathu wa mbiri yakale, Mwelwa Musambachime, analemba za mantha amenewa mu 1988, kuwatsata kucokera mu 1930 mpaka mu 1964. Luise White nayenso analemba buku lonse, Speaking with Vampires, mu 2000. Onsewa anaonetsa kuti mphekesera zotere zimamera pamene anthu ali pa mavuto ndipo olamulira sawafotokozera zimene akucita.

Kwa anansi athu ku Malawi, mu 2017, mbiri ya anamapopa inayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu osacepera 8 anaphedwa ndi makamu, ndipo bungwe la United Nations linayamba lacotsako anchito ake m'maboma ena a kummwera. Ife tisanawaloze cala, tikumbukire zathu. Mu Epulo 2016 muno mu Lusaka, pambuyo pa kuphedwa kwa anthu m'makomboni, mphekesera inaloza alendo, ndipo mashopu ambiri a anthu a ku Rwanda anathyoledwa. Kuciyambi kwa 2020 kunali nkhani ya gasi imene inayambira ku Chingola n'kufika dziko lonse. Tinali kugona ndi zibonga kumutu kwa bedi, anyamata akucezera pamoto m'misewu. Anthu makumi angapo anaphedwa ndi makamu osawafikitsa n'kukhoti komwe, ena cifukwa cabe cakuti anali alendo pamalopo, anasocera njira, kapena mutu wawo sunali bwino. Amenewo ndiwo Knock athu.

Pa Mande m'mawa, ndili m'basi yocokera ku Chongwe kupita mu tauni, tisanafike n'komwe pa Silverest, amayi ena kumbuyo anatsegula uthenga wa mawu wa pa WhatsApp kuti tonse timve. Ati kuli galimoto ya magalasi akuda imene ikuzungulira pa masukulu kufuna magazi a ana. Basi yonse inayamba kuwira. Bambo wina anati, "Tikaigwila cabe, ni kushoka!" Amene anatiphunzitsa nzeru ndi kondakitala, kamnyamata kamene tonse timakanyoza. Anatembenuka ali ndi ndalama m'zala nati, "Ba mayo, sukulu iti? Mwana wa ndani? Imwe munaiona na menso?" Amayiwo anati anatumiziridwa ndi a ku chalichi, amenenso anatumiziridwa ndi wina. Pofika pa Chelstone nkhani inali itasanduka ya mpira.

Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndikhulupirira kuti mafunso atatu a kondakitala uja angapulumutse moyo wa munthu. Sindikunena kuti zoopsa kulibe. Anthu oipa aliko, ana amasowadi, ndipo kholo lili ndi ufulu wocita mantha. Koma malo a nkhani yotere ndi ku polisi, kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu, kapena kwa a nduna ndi amfumu ngati muli kumudzi. Mukaitumiza ku magulu khumi a pa foni musanaitsimikize, mwathira palafini pa moto umene simudzatha kuuzima. Mawa wosocera njira ku Kanakantapa kapena ku Chalimbana angakhale mlongo wanu wocokera ku Chipata amene sadziwa munthu kumeneko. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Apa ndipo nkhani ya cimbale cija ikumana ndi yathu. Anthu a ku Germany angathe kukhala pansi lero n'kuona mmene makolo awo anajambulira mantha, patangopita zaka zocepa nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha ndiponso mliri wa cimfine wa mu 1918 utapha anthu miyandamiyanda. Akutha kutero cifukwa wina anasunga tepi, wina analipira oikonza. Nanga ife, mwana wobadwa mu 2015 adzaona kuti zimene zinacitika mu 2020? Zambiri zinali m'mafoni amene anafa kale. Cimene sitisunga timaciiwala, ndipo cimene taiwala cimabweranso citavala malaya ena: dzana banyama, dzulo gasi, lero galimoto ya magalasi akuda.

Sikuti tilibe zosunga. Amene anakula ndi wailesi akumbukira Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza M'madzulo pa Radio Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, munthu mmodzi wosintha mawu kukhala nkhalamba, mwana, mfiti ndi fisi, mabanja ali duu mozungulira wailesi. Nkhani zake zina zinalowa m'buku cifukwa ca khama la Ernst Wendland. Koma mawu ake enieniwo, mwana wa lero angawamve kuti? Nyimbo za Zamrock nazonso zinatsala pang'ono kutayika. Inatengera kampani ya ku Los Angeles, Now-Again Records, kusonkhanitsa nyimbo za gulu la WITCH n'kuzitulutsanso mu 2012, ndipo pambuyo pake Jagari Chanda anayambanso kuimba m'maiko akunja. Tiyamike alendowo, koma tidzifunsenso cifukwa cake timadikira munthu wa kutsidya kwa nyanja kuti atiuze kuti m'nkhokwe mwathu muli cimanga.

Luso lopanga mafilimu tili nalo. Rungano Nyoni, wobadwira mu Lusaka, anapanga I Am Not a Witch mu 2017, nkhani ya kamtsikana konamiziridwa ufiti, ndipo inapata mphoto ya BAFTA mu 2018. Ndi filimu imene ikukamba za matenda omwewa a kuloza cala wopanda womuteteza. Koma ndi angati a ife okwera mabasi amene tinaitamba?

Pempho langa lili pawiri. Loyamba lipite kwa osunga cuma ca mtundu: ZNBC, ZANIS ndi National Archives of Zambia, pamodzi ndi aphungu amene amagawa ndalama za boma. Matepi akale a masewero, nkhani, nyimbo ndi miyambo monga Chakwela Makumbi ya Asoli kuno ku Chongwe asamutsidwire mu makompyuta asanawole, ndipo aikidwe poti mphunzitsi ndi mwana wa sukulu angawapeze. Tepi siyembekeza bajeti ya caka camawa. Cinyezi ndi kutentha zimaidya tsiku ndi tsiku. Pa 27 Okutobala caka ciliconse dziko lonse limakumbukira kusunga mawu ndi zithunzi zakale, mwa dongosolo la UNESCO. Lingakhale tsiku labwino lotiuza kuti matepi angati apulumutsidwa ndipo angati atsala.

Laciwiri ndi lanu ndi ine. Foni imene ili m'manja mwanuyo, imene imatumiza mphekesera mu sekondi imodzi, ingathenso kujambula mawu. Mukapita kumudzi mwezi ukatha, khalani pansi ndi ambuya, muwafunse za banyama, za njala, za mmene anafikira pamalo pamene alipo. Ajambuleni, musunge pawiri, kwinanso mutumize kwa m'bale kuti foni ikatayika mawu asatayike. Ine ndayamba kale. Amayi anga anandiuza kuti ali kamtsikana anagonapo m'munda wa cimanga usiku wonse cifukwa galimoto ya boma inaima pafupi ndi mudzi. Kutaca anamva kuti inali itangophulika tayala. Anaseka mpaka misozi pondiuza, kenaka anakhala cete n'kunena kuti dalaivala uja anacita mwayi kuti amuna a m'mudzimo anathawa m'malo momulondola.

Cimbale cija mphwanga wacisiya kunyumba. Ati ndicitambenso ndekha usiku ngati ndine mwamuna. Ndamuuza kuti ndidzacitamba pa Sondo masana, tikacoka ku chalichi.