Tiyeni tiimasule nambala ya anthu a ku Mchinji

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'boma la Mchinji muli anthu 602,305, ndipo m'dziko lonse muli anthu 17,563,749. Ana a Fomu 2 akaona nambala zotere pa bolodi amangoti kakasi, ati zatalika. Ine ndimati nambala ili ngati thumba la mtedza: lingakule bwanji, pomasulira pake pamakhalapo.

Tiyambe ndi yathuyi. Ikuthera ndi 5, choncho 5 aigawa popanda chotsala, n'kutipatsa 120,461. Apa tiyese njira ya 11, yomwe ambiri saidziwa. Tengani manambala ake mmodzimmodzi, mukuchotsa ndi kuwonkhetsa mosinthanitsa: 1 − 2 + 0 − 4 + 6 − 1. Yankho ndi 0, kusonyeza kuti 11 aigawa bwinobwino. Titsala ndi 10,951. Iyi ndiye ya makani. Muyesa 13, 17, 19 osaphula kanthu, mpaka mufike pa 47, pomwe igonja: 47 × 233.

Ndiye kuti 602,305 ndi 5 × 11 × 47 × 233. Zinayizi ndi ma prime, nambala zomwe zimagawika ndi 1 ndi izo zokha basi. Muonenso kuti mulibe 2, kotero anthu a ku Mchinji mutawagawa magulu awiri ofanana, mmodzi adzatsala pakati akuyang'ana uku ndi uku. Ya dziko lonse ndi yofewerapo poyambira. Kuwonkhetsa manambala ake kukutipatsa 42, choncho 3 aigawa koma 9 ayi. Nayenso 7 amalowamo: ndi 21 × 836,369.

Kholo lina lingafunse kuti zimenezi zigula ndiwo kodi? Inde, makamaka kuno komwe soya ndi mtedza timagulitsa kwa mavenda amene kakyuleta amagwira okha. Tiyerekeze kuti mwagulitsa matumba 37 pa K48,500 lililonse. Wonkhetsani manambala mpaka patsale imodzi: 37 ikhala 10, kenako 1, 48,500 ikhala 17, kenako 8. Chulukitsani 1 ndi 8, mupeza 8. Ndalama yoona, K1,794,500, mukaiwonkhetsa ikhala 26, kenako 8. Zagwirizana. Wina akakuuzani K1,694,500, mupeza 7, ndipo mudziwa kuti penapake padumphidwa, musanasaine.

Chimandidandaulitsa n'chakuti mwana amakhoza masamu pa MSCE koma sangathandize agogo ake pa sikelo. Timawaloweza malamulo a kagawidwe ka nambala kuti ayankhire mayeso, osawatengera kumsika.

Koma chenjerani, njirayi ili ndi pobowoka. Venda akasinthanitsa manambala awiri n'kulemba K1,749,500, kuwonkhetsa kukupatsanibe 8, pomwe K45,000 yapita. Pamenepo palibe chidule, muchulukitse nokha papepala: 48,500 × 30, kenako 48,500 × 7, muphatikize.