Tomato wapamwamba ndiye aitana kasitomala

Abale anzanga a pamsika, mukaona mwana wanu akubwereza chiyambi cha filimu imodzimodziyo pafoni, kuimitsa, kulemba, kubwezanso, musathamangire kumulanda foni ati akuononga fizi. Ngati akuphunzira zojambula kanema, imeneyo ndi ntchito ya kusukulu. Asanajambule chiyambi cha filimu yakeyake, ayenera kusanthula kaye mmene akatswiri anayambira zawo.

Nkhani yake inu mukuidziwa kale. Tomato wofiira, wosalala uja mumamuika pati? Pamwamba pa mulu, eti? Kasitomala amaima kapena kupitirira malinga ndi zomwe diso laona koyamba. Filimu nayo mphindi ziwiri zoyamba ndizo zimagwira munthu pampando.

Koma taonani mmene akatswiri amayalira malonda awo. Tonse tikumudziwa Rambo wa m'mavidiyo sho. Filimu yake yoyamba, First Blood ya 1982, siyamba ndi mfuti ayi. Sylvester Stallone akungoyenda yekha mumsewu, katundu paphewa, kukafuna mnzake amene anali naye ku nkhondo ya ku Vietnam. Afika pakhomo, amuuza kuti mnzakeyo anamwalira ndi khansa. Basi. Chipolopolo sichinalire, koma tadziwa kuti munthuyu watsala yekha, ndipo tikufuna tione kuti athera kuti.

Jaws ya Steven Spielberg ya 1975 ndi nkhani ya chinsomba cholusa chotchedwa shaki. Poyambapo chinsombacho sitichiona n'komwe. Timangomva kanyimbo koopsa, kenako mtsikana akusambira m'nyanja, mwadzidzidzi chinachake chamukokera pansi. Mantha amabwera chifukwa cha chomwe atibisira.

Kwathu konkuno, The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yomwe Chiwetel Ejiofor anajambula pa moyo wa William Kamkwamba wa ku Kasungu, iyamba m'munda wa chimanga. Bambo wina agwa n'kumwalira, kenako maliro, Gule Wamkulu atulukira. Makina a mphepo aja akubwera kumapeto. Poyamba akungotiuza kuti banja ili moyo wake uli pa chimanga, ndiye njala ikafika timaimva m'mimba mwathu.

Mwaona? Onse atatuwa ayamba ndi funso, yankho alisunga.

Tsono kwa inu ana asukulu, langizo langa ndi ili. Chiyambi chilichonse muchionere katatu. Koyamba ingoonerani. Kachiwiri tsekani mawu, muwerenge kuti chithunzi chasintha kangati, kamera ili pafupi kapena patali, kwawala kapena kuli mdima, maina atuluka nthawi yanji. Kachitatu tsinzinani, mungomvetsera. Zonse lembani m'kope. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukamajambula yanu, musayambe ndi ndewu poganiza kuti ndiye mwakometsa. Anthu awiri amene sitikuwadziwa akamenyana, tichemerera uti? Tionetseni kaye munthu mmodzi ndi chomwe chamuvuta.

Komanso kumbukirani lamulo la pamsika. Wogulitsa amene amaika wabwino pamwamba, woola pansi, amagulitsa tsiku limodzi lokha, mawa kasitomala alambalala benchi yake. Chiyambi ndi lonjezo. Mukalonjeza zoopsa, musatipatse nthabwala.

Inu makolo, madzulo ano mufunseni mwanayo kuti filimu yake iyamba ndi funso lanji. Akayankha mosadodoma, ndalama zanu sizikulowa m'madzi.

Tionana sabata yamawa.