Tsache la ku England ndi lichero la kwathu

Sabata zitatu zapitazo ndinagula buku long'ambika chikuto kwa anyamata ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe. Ndi buku lachiwiri la nkhani za Harry Potter, lomwe mayi wa ku Britain, J.K. Rowling, anatulutsa mu 1998. Ndinkafuna choti ana a mchemwali wanga azimvera madzulo magetsi akathima, m'malo molimbirana foni yanga. Ndimawerenga m'Chingerezi n'kumawamasulira m'Chichewa.

Harry mwiniwakeyo sanawatenge mtima kwenikweni. Amene anawagwetsa ndi phwete ndi banja la a Weasley, amatsenga okhala m'nyumba yopendekeka yomwe imaima chifukwa cha matsenga okhaokha. Ana alipo asanu ndi awiri, ndalama n'zosowa. Mabuku asukulu ndi ogula akale, zovala n'zosiyirana ngati kwathu kuno. Bambo wa pakhomopo amagoma ndi zinthu za ife anthu wamba, moti amatolera mapulagi amagetsi n'kumawasunga ngati chuma. Anatenga galimoto yakale ya Ford Anglia n'kuikonza mobisa kuti iziuluka. Mwana wawo Ron ataiba galimotoyo n'kukaigundikiza pamtengo kusukulu, mayi ake anamutumizira kalata yofiira yomwe inatseguka n'kuyamba kumukalipira ndi mawu a mayiwo pamaso pa sukulu yonse. Apa ana anagubuduka pamphasa, akuti mayi awo akanakhala ndi kalata yotere, bwenzi Ndirande yonse isakugona.

Chomwe ndinakonda ine n'chakuti matsenga onsewo sanawachotsere umphawi. Mphika umadzitakasa wokha, koma choika mumphikamo n'chofunika kuchigula ndithu.

Vuto linabwera ndi mawu. Ndinkazemba dala mawu akuti "afiti", ndinkangoti "amatsenga". Koma mlamu wanga atamva za kuuluka pa tsache anatulukira pakhomo. "Alamu, kodi ana angawa mukuwaphunzitsa ufiti?" Ndinayamba kufotokoza kuti n'zopeka chabe, ngati nthano za Kalulu. Ndisanamalize, mtsikana wamkulu, wa Sitandade 6, anafunsa: "Amalume, nanga agogo aja akumudzi anthu ankati amauluka pa lichero, bwanji iwo anawagwetsera nyumba, pomwe mayi Weasley aliyense akuwakonda?"

Tonse tinangoti chete. Agogowo timawadziwa. Analibe galimoto youluka, analibe ngakhale mbuzi.

Mwana wa ku England akhoza kuseka mfiti ya pa tsache chifukwa kwawo kupha anthu powaganizira ufiti kunatha zaka mazana angapo zapitazo. Kuno sizinathe. Mu 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa mwankhanza mphenzi itapha mtsikana wina, ati ndiwo anaitumiza. Chonsecho lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Choncho mantha a mlamu wanga sindikuwapeputsa. Mawu amenewa kwathu kuno amakhetsa magazi.

Komabe bukulo sindinalitseke, ndipo chifukwa chake chili m'nkhani momwemo. Wochita zoipa m'bukuli si nkhalamba yosauka ya kumapeto kwa mudzi. Ndi Lucius Malfoy, bwana wovala bwino, wodziwana ndi akuluakulu aboma, yemwe amanyoza a Weasley chifukwa cha umphawi wawo. Iyeyu ndi amene amalowetsa mozemba kabuku koopsa ka Voldemort m'katundu wa Ginny, mtsikana wa zaka 11, n'kutsala pang'ono kumuphetsa. Matsenga ali nawo onse, a Malfoy ndi a Weasley omwe. Owerenga amawasiyanitsa poona zomwe aliyense wachita, ndipo umboni wake umapezeka. Ndinamufunsa mtsikana uja kuti agogo aja anawapeza ndi umboni wanji. Anaganiza kanthawi n'kuti, "Anali ndi maso ofiira." Mchemwali wanga, ali kukhitchini, anayankha kuti aliyense wophikira nkhuni zaka 50 maso ake amafiira.

Sindinawauzebe kuti m'buku lomaliza, la mu 2007, banjali limataya mwana mmodzi pankhondo yolimbana ndi Voldemort. Adzazipeza okha tikadzafika, ngati anyamata a ku Limbe aja angandipezere mabuku otsalawo.

Mlamu wanga sanavomereze poyera. Kungoti masiku ano ikakwana nthawi yowerenga amakokera mpando pafupi ndi khomo, ati akupitidwa mphepo. Dzulo anandifunsa monong'ona ngati galimoto ija inapezekanso itathawira kunkhalango.