Safunsa adadya phula, ngakhale akhale ndi digiri

M'chaka cha 1995 anthu pafupifupi 300,000 adakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Goodson Chisupe, omwe ankati mizimu idawaonetsa kumaloto mtengo wochiza Edzi. Pamzere uja sipadali alimi okha. Padalinso mabwana a m'tauni, anthu opita kusukulu, ofika pa galimoto.

Wodwala sindimudzudzula ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo nthawi imeneyo kuchipatala kudalibe thandizo lenileni poti ma ARV aulere adayamba mu 2004. Dandaulo langa lili pa ife ophunzira, makamaka ife atolankhani.

Funso lofunika lidali lapafupi: kodi magazi a anthuwa mudawayeza asanamwe, n'kuwayezanso atamwa? Kachirombo ka HIV kamatha kukhala m'thupi zaka 10 mwini wake akulima bwinobwino, choncho mawu akuti "ndikupezako bwino" si umboni. Kutalika kwa mzere nakonso si umboni. Bambo wobwerera kwawo akukhulupirira kuti wachira adakapatsira mkazi wake kachiromboko.

Kodi taphunzirapo? Mu 2020 pulezidenti wa Madagascar, Andry Rajoelina, adalengeza chakumwa cha zitsamba chotchedwa Covid-Organics, nati chimachiza Covid-19. Bungwe la WHO lidachenjeza kuti mankhwala otere ayambe ayesedwa. Koma pa WhatsApp amene ankafalitsa mphekesera za machiritso ndi zonyoza katemera adali ife tomwe, olankhula Chingerezi chothyakuka.

Ine ndidasiyira panjira sukulu ya ukachenjede, choncho sindidzitama. Koma kumeneko ndidaona kuti munthu angathe kuloweza notsi zaka zinayi osafunsapo mphunzitsi kuti, "Mwadziwa bwanji?" Tikafika m'nyumba zolembera nkhani timabisala kuseri kwa mawu oti "akuti". Akuti apeza mankhwala, akuti ambiri achira, basi nkhani yapita patsamba loyamba.

Akonzi anzanga, tisanasindikize nkhani ya mankhwala atsopano tiyambe tafunsa: ayesedwa pa anthu angati? Wayesa ndani? Zotsatira zake zili kuti? Ngati mayankho palibe, tilembe poyera kuti palibe. Lero wowerenga wathu angathe kutaya ma ARV ake chifukwa cha mutu wankhani womwe tidalemba mothamangira kugulitsa nyuzi.

Pa 14 June 1993 Amalawi tidavotera ufulu wofunsa. Mtolankhani woopa kufunsa sing'anga umboni, kodi nduna adzaifunsa?