Kaundula wa malo asanjidwe potsata mapu

Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi kwa Manje, opulumutsa anthu ankafunika kudziwa msanga kuti pamalo pomwe panasanduka chigwembe panali nyumba zingati. Mbiri ya malo mu Blantyre ilipo, koma ndi yomwazikana. Khonsolo ya mzinda ili ndi kaundula wake wa mapuloti, unduna wa zamalo wake, Malawi Housing Corporation wakenso, ESCOM ndi Blantyre Water Board amadziwa pomwe adaika mamita awo, pomwe malo ambiri a m'mbali mwa phirili adagawidwa ndi mafumu. Kaundula wotere amafufuzidwa ndi dzina kapena nambala, chonsecho madzi akasefukira amatsata chigwa.

N'chifukwa chake ndikuti zonsezi zisanjidwe potsata pomwe chinthu chili. Njira yake si yachilendo. Mu 1984 Antonin Guttman adafotokoza R-tree: kompyuta imakuta nyumba zoyandikana m'kabokosi, timabokosito n'kulowa m'bokosi lokulirapo, mpaka mzinda wonse. Mukafunsa za nyumba zomwe zili m'mphepete mwa mtsinje wa Mudi, imalumpha bokosi lonse la Bangwe osalitsegula n'komwe, yankho n'kubwera nthawi yomweyo.

Ena ati ndalama zake zichokera kuti pomwe zipatala zikusowa mankhwala. Koma mapulogalamu a mapu monga PostGIS ndi QGIS ndi aulere, ndipo dziko lino lili kale ndi MASDAP, nkhokwe ya mapu ya pa intaneti. Chodula ndi kuyenda khomo ndi khomo kuyeza, komanso kugwirizanitsa mapu akale a muyeso wa Arc 1950 ndi muyeso wa GPS, chifukwa popanda kutero puloti imodzimodzi imasuntha mamita oposa 100. Ntchito imeneyi ndi yolemetsa ndithu, koma ndi yopepuka poyerekeza ndi milandu ya puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri.

Nkhawa yomveka kwambiri ndi ya mayi wa ku Ndirande yemwe akuopa kuti nyumba yake ikaoneka pamapu, mawa abwera ogwetsa kapena otolera msonkho. Mantha amenewa sitingawapeputse. Komabe nyumba yosalembedwa ndi yomwe imaiwalika pochenjeza za mvula ndi pogawa thandizo. Maina a eni nyumba asungidwe padera motetezedwa ndi lamulo. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ipatsidwe pomwe nyumba ili ndi chiwerengero cha anthu ogonamo, mvula ya Disembala isanayambe.