Mpanda wa pa Chileka

Boma likamati likuthandiza ntchito za ndege, ine ndimayamba ndafunsa: likuthandiza chiyani kwenikweni?

Mu 2009 lidagulira pulezidenti ndege yakeyake, imene idadzagulitsidwa mu 2013. Chaka chomwecho Air Malawi idafa nazo ngongole, ndipo m'malo mwake mudalowa Malawian Airlines, boma n'kutenga magawo 51 pa 100, Ethiopian Airlines 49. Izi ndiye zokoma kuzilengeza pamsonkhano, amayi akuvina.

Koma mu Januwale 2019 South African Airways idaimitsa maulendo ake a ku Blantyre. Chifukwa chake? Mpanda wa bwalo la Chileka udali wobooka, galimoto zozimitsa moto ndi ambulansi zosadalirika. Inu amene mudatera pomwepo pobwerera kumudzi, taganizani manyazi ake: mpaka alendo kutiuza kuti pakhomo pathu m'poopsa!

Ntchito yeniyeni ya boma ndi yosaoneka imeneyi: mpanda, ozimitsa moto, zipangizo zolondolera ndege, malipiro a akatswiri a zanyengo. Aphungu aitane nduna ya zamtengatenga ifotokoze poyera kuti msonkho wa pabwalo umene okwera ndege amalipira umagula chiyani.